Kodi wodwala amuonjezere magazi liti?

Anzanga, munaonapo chubu cha njinga chitatupa malo amodzi chisanaphulike? Mtsempha wa magazi wa m'mutu nawo umatha kutero. Ukaphulika, magazi amatayikira m'kampata ka pakati pa ubongo ndi timinofu topyapyala tomwe timaukuta. Mutu umapweteka mwadzidzidzi, ululu woti munthu sanaumvepo chibadwire. Wotereyu ndi wothamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Madokotala akatseka pomwe pamatuluka magazi, ntchito imakhala ikadalipo. M'milungu iwiri yoyamba mitsempha ya mu ubongo imatha kufinyika, magazi n'kumadutsa movutikira. Pamenepa m'pamene pali vuto, chifukwa ubongo sukhalitsa wopanda mpweya wa okosijeni. Pa mpweya wonse umene thupi limagwiritsa ntchito, gawo limodzi mwa magawo asanu limapita ku ubongo wokha! Chonyamula mpweyawu ndi hemoglobin, ija imafiiritsa magazi, ndipo odwala ambiri otere imawatsika.

Mwina mufunsa kuti, nanga osangowaonjezera magazi msanga bwanji? Magazi a munthu wina nthawi zina amatenthetsa thupi kapena kumubanikitsa wodwala. Komanso magazi sapangidwa ku fakitale, amachokera m'mikono ya anthu odzipereka.

Dokotala Shane English wa ku Ottawa, m'dziko la Canada, ndi anzake anafufuza nkhaniyi pa odwala 742 m'zipatala 23 za ku Canada, America ndi Australia. Gulu lina ankalionjezera magazi hemoglobin ikangotsika kufika pa 10, lina ankadikira mpaka pa 8. Manambalawa ndi magalamu a hemoglobin m'mamililita 100 a magazi. Zotsatira zinatuluka mu 2024. Patatha chaka odwalawo atalowa m'kafukufukuyu, pa anthu 100 aliwonse opatsidwa magazi msanga, pafupifupi 34 anali atamwalira kapena atalumala kwambiri. Pa odikira aja anali pafupifupi 38. Kusiyana kunalipo ndithu, koma kochepa moti ofufuzawo sakanatha kutsimikiza kuti kwadza chifukwa cha magaziwo.

Mu 2024 momwemo, kafukufuku wina wotsogoleredwa ndi Fabio Taccone wa ku Brussels anayerekeza 9 ndi 7 pa odwala ovulala ubongo m'njira zosiyanasiyana. Kumeneko zinaoneka poyera kuti opatsidwa magazi pa 9 anachira bwino kuposa anzawo. Ine ndikuona kuti ubongo wovulala si woudikiritsa mpaka magazi atatsikiratu pa 7. Koma pakati pa 8 ndi 10, dokotala ayenera kumuyang'anitsitsa wodwala wake, kupuma kwake ndi mmene akuyankhira akamuitana dzina, asanapachike thumba la magazi.