Kodi Mumadziwa? Magazi Amatha Kuulula Ukali wa Chotupa cha M'mutu

Mapulateleti ndi timaselo ting'onoting'ono ta m'magazi timene timathandiza magazi kuundana munthu akavulala. Timapangidwa m'mafuta a m'mafupa ndipo timakhala masiku 7 mpaka 10 basi. Munthu wathanzi amakhala nato 150,000 mpaka 450,000 mu mayikulolita imodzi ya magazi.

Koma khansa imatha kusandutsa timaseloti kukhala antchito ake. Zotupa zina zimatulutsa mankhwala amene amachititsa chiwindi kulimbikitsa thupi kupanga mapulateleti ochuluka. Kenako timaseloti timakuta maselo a khansa amene alowa m'magazi n'kuwabisa kwa asilikali a m'thupi. Timathandizanso chotupa kumera mitsempha yatsopano yochidyetsa. N'chifukwa chake odwala khansa ya m'mapapo kapena ya m'matumbo amene ali ndi mapulateleti ambiri kawirikawiri matenda awo amakula msanga.

Mfundo imeneyi yafika pa chordoma, chotupa chosowa kwambiri chimene chimagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 1 miliyoni chaka chilichonse. Mwa odwala atatu alionse, mmodzi chimamumera pansi pa chigaza, pafupi ndi tsinde la ubongo, pomwe madokotala amavutika kuchichotsa chonse. Chimakula pang'onopang'ono koma chimakonda kubwereranso.

Ofufuza, kuphatikizapo a ku Beijing, akhala akuyerekezera chiwerengero ndi kukula kwa mapulateleti opaleshoni isanachitike ndi zaka zimene odwala amakhala ndi moyo pambuyo pake. Ubwino wake ndi woti kuyeza magaziku n'kotchipa. Komabe kumangothandizira sikani ya MRI ndi kupima kachidutswa ka chotupacho, sikulowa m'malo mwa zimenezi.