Wotchi ya ku Joni inatiopseza za mtima wa bambo

Achimwene atabwera kuchokera ku Joni mu Julayi, anabwera ndi wotchi zoyeza thupi zija. Madzulo tikuwotha moto kwathu ku Mayani, kuzizira kwa ku Dedza mukukudziwa, aliyense anaivalako. Pa HRV ine inandipatsa 58, bambo 17. Amayi nkhope inagwa. "Ndiye kuti aphiri akudwala mtima?"

Usiku umenewo bandulo yanga inathera pa nkhaniyi.

Mtima sugunda mofanana ngati wotchi yapakhoma. Ukamagunda ka 60 pa mphindi, mpata wina umakhala masekondi 0.9, wina 1.1. Kusiyana kumeneku ndiye HRV, ndipo amakuwerenga m'mamilisekondi. Gwirani mtsempha wa padzanja mupume mozama: mukamakoka mpweya mtima umafulumira pang'ono, mukamatulutsa umabweza. Amachititsa zimenezi ndi mtsempha wa vagus, mabuleki a mtima, womwe umakokanakokana ndi mitsempha ina yothamangitsa mtima mukaopsedwa kapena mukamakwera phiri.

Chomwe chinandizunguza mutu n'choti mtima wosinthasintha ndiye wathanzi. Wogunda mowuma, osasintha, ndiye madokotala amaukayikira. Mu 1987 Robert Kleiger ndi anzake ku America anatsatira anthu omwe anadwalapo mtima mwadzidzidzi, n'kupeza kuti omwe HRV yawo inali pansi pa 50 ankamwalira kuwirikiza kasanu poyerekeza ndi opitirira 100.

Musathamange nazo. Iwo ankayeza ndi ECG maola 24, pa odwala enieni. Wotchi imangowunika khungu ndi kanyali kobiriwira, ndipo dzanja likazizira kapena likamagwedera imanama. HRV imatsikanso ndi ukalamba, mowa, kusowa tulo, malungo komanso shuga. Kuyerekeza bambo a zaka 64 ndi ine kunali kupanda chilungamo. Nambalayi imathandiza ukamadziyerekeza ndi iwe mwini, m'mawa uliwonse, kwa masabata.

Koma mantha aja anagwira ntchito. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu m'Malawi ali ndi BP, ambiri osadziwa. Bambo anali asanayezetsepo chibadwire. "Ine ndimalima mbatatesi ekala yonse, ndidwale chani?" ankatero.

Lolemba amayi anawakokera kuchipatala. BP inali 168 pa 100. Atabwereranso kukayezetsa kawiri, anawayambitsa mankhwala. Wotchi ija achimwene anabwerera nayo ku Joni.