Kuthandiza wodwala maganizo kufa: chomwe chikuzengerezetsa Canada

Kuyambira m'chaka cha 2016, malamulo a ku Canada amalola munthu amene akuzunzika ndi matenda osachizika kupempha dokotala kuti amuthandize kufa. Poyamba lamuloli linkakhudza okhawo amene imfa yawayandikira, koma mu 2021 Nyumba ya Malamulo inalikulitsa kuti lifikenso kwa odwala amene akhoza kukhalabe ndi moyo zaka zambiri. Gulu limodzi linauzidwa kuti lidikire kaye: anthu amene vuto lawo ndi matenda a maganizo okha. Tsiku lawo linaikidwa kuti likhale mu 2023, linasunthidwira ku 2024, kenaka mpaka pa 17 Malichi 2027.

Kuzengerezaku kukugwirizana ndi mtima wa anthu. Kafukufuku wa bungwe la Angus Reid kumayambiriro kwa 2023 anapeza kuti anthu 61 mwa 100 alionse amavomereza lamulo lomwe lilipo, koma 31 okha ndi amene ankafuna kuti lifike kwa odwala maganizo. Otsutsa anali 51.

Nkhani yagona pa funso limodzi: ndani anganene motsimikiza kuti munthuyu sadzachira? Khansa ikafalikira m'thupi, dokotala amaiona pa makina ndipo amadziwa kumene ikulowera. Nthenda ya kukhumudwa siyenda choncho. Wodwala amatha kuyesa mankhwala osiyanasiyana kwa zaka zambiri osaona kusintha, kenaka n'kupeza amene amuyanja, kapena moyo wake n'kusintha chifukwa wapeza nyumba, ntchito kapena munthu womumvetsa. Choopsa kwambiri n'chakuti kulakalaka kufa ndi chimodzi mwa zizindikiro za nthendayo. Munthu akati “ndatopa, ndilekeni”, dokotala adziwa bwanji ngati akuyankhula ndi mwiniwake kapena ndi matenda?

Ochirikiza lamuloli nawonso sakunama. Iwo amati ululu wa m'maganizo ndi ululu ndithu, ndipo kumana munthu ufulu chifukwa nthenda yake sioneka ndi maso n'kumusala. Ku Netherlands, kumene lamulo lotere linayamba kugwira ntchito mu 2002, wodwala maganizo amaloledwa ngati madokotala akhutira kuti ululu wake ndi wosapiririka ndipo palibenso njira ina. Mu 2023, mwa anthu 9,068 amene anathandizidwa kufa m'dzikomo, 138 anali odwala maganizo. Ku Belgium nkhani yotere inafika kukhoti mu 2020, pamene madokotala atatu anazengedwa mlandu mumzinda wa Ghent pa imfa ya mayi wina wa zaka 38. Khoti linawapeza osalakwa.

Ine ndikuona kuti anthu a ku Canada akuchita bwino kukayika. Sitinganene kuti munthu wayesa zonse pamene wakhala miyezi yambiri pamzere kudikira dokotala wa maganizo, kapena walephera kulipira uphungu. Kafukufuku wina wa Angus Reid mu 2023 anapeza kuti anthu oposa 80 mwa 100 alionse akufuna kuti boma liyambe lakonza chithandizo cha odwala maganizo lisanakulitse lamuloli.