Chiphaso cha unzika si chopatsa aliyense wolonjeza ntchito

Uthenga umafika pafoni ya wachinyamata amene wangokhoza mayeso a MSCE, wonena kuti bungwe lina likufuna alembi, malipiro ake ndi okoma, ndipo malo atsala ochepa. Zimene amapempha zimaoneka zazing'ono: chithunzi cha chiphaso cha unzika mbali zonse ziwiri, satifiketi, ndi kandalama kogulira fomu kotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Anthu akazindikira kuti apusitsidwa amalira kandalamako, koma kawirikawiri chinthu chamtengo chimene chapita ndi chiphasocho.

Kuyambira mu 2017, pamene bungwe la NRB linalembetsa nzika m'dziko lonse, chiphasochi chinasanduka kiyi wa zitseko zambiri. Munthu amachionetsa polembetsa simukhadi, potsegula akaunti kubanki, potenga ngongole, ngakhale pogula feteleza wotsika mtengo. Wakuba amene ali ndi chithunzi chake, dzina lonse ndi tsiku lobadwa angathe kuyesa kulembetsa simukhadi m'dzina la mwini wake ndi kumabera nayo anthu ena. Apolisi akatsata nambalayo, dzina limene amalipeza ndi la uja ankangofuna ntchito, ndipo kudziyeretsa kumadya nthawi ndi ndalama zoyendera.

Ena amaimba foni mwaulemu ndithu, kunena kuti akukonza njira yolipirira malipiro, kenako amapempha nambala yachinsinsi kapena manambala amene angofika kumene pa uthenga. Apa palibe chokayikitsa, ameneyo ndi mbava. Wolemba ntchito akafuna kulipira munthu, nambala ya foni kapena ya akaunti imakwanira.

Ntchito za kukhonsolo ndi za boma zimalengezedwa poyera, m'nyuzipepala ndi pa bolodi la zidziwitso, ndipo sizigulidwa. Wokayikira chilengezo chilichonse angathe kufunsa kuofesi ya zantchito paboma, kapena kupita yekha kuofesi ya bungwe lotchulidwalo. Bungwe lenileni limakhala ndi khomo loti munthu agogodepo. Ikafika nthawi yopereka fotokope ya chiphaso, ndi nzeru kulembapo ndi cholembera tsiku ndi ntchito imene akufunsirayo, kuti pepalalo lisakagwire ntchito kwina.

Pa ntchito za kunja chenjezo ndi lokulirapo. Amayi a ku Malawi amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman anakapezeka akuzunzika m'nyumba za eni, mapasipoti awo atalandidwa. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu la mu 2015 limawerengera kutenga munthu mwachinyengo chotere ngati mlandu waukulu.

Amene anatumiza kale zikalata zake asabise chifukwa cha manyazi. Asinthe nambala yachinsinsi tsiku lomwelo, asunge mauthenga onse ndi nambala ya woimbayo, akanene kupolisi, ndipo akafunse kukampani ya foni manambala onse amene analembetsedwa pa chiphaso chake.