PayPal Ikatseka Akaunti ya Wogulitsa

Katundu anatumiza kale, wogula analandira, koma ndalama sizikutuluka. Wogulitsa wangolandira uthenga wakuti PayPal, kampani yotumizira ndi kulandirira ndalama pa intaneti, yatseka akaunti yake.

Malamulo a kampaniyi amailola kugwira ndalama za wogulitsa watsopano mpaka masiku 21. Akaunti ikatsekedweratu, ndalama zimatha kugona komweko masiku 180, poopa kuti ogula angadzafune kubwezeredwa. Makompyuta a kampaniyi amayamba kukayikira malonda akakwera mwadzidzidzi kapena madandaulo akachuluka. Mu 2022, anthu ena anakasumira PayPal kukhoti ku California chifukwa chowagwirira ndalama popanda kuwauza chifukwa.

Kwa ine, kumeneku ndi kulakwira munthu amene mpamba wake wonse uli mmenemo. Amalonda inu, muzitapa ndalama pafupipafupi ndipo muzisunga malisiti otumizira katundu.