Tisunge madzi mpopi usanaume

Abale ndi alongo okhala pamsasa pano, m'kalata ya mwezi uno ndafuna tikambirane nkhani ya madzi. Ine ndimagwira ntchito ya zaukhondo m'bungwe lathu, ndipo ndikamayendera mabanja ndimaona kuti ambiri amatunga madzi ongokwanira tsiku limenelo. Mpopi ukauma m'mawa, pofika masana m'nyumba mulibe ngakhale kapu imodzi yomwera mankhwala. Choncho pempho langa ndi lakuti banja lililonse likhale ndi madzi akumwa a masiku atatu, osungidwa mwaukhondo, nthawi zonse.

Madzi athu amachokera kutali

Kwathu ku Malawi mjigo ukawonongeka timapita kuchitsime kapena kudambo. Kuno ku Marlboro tilibe kothawira koteroko. Mzinda wa Johannesburg unamangidwa pamtunda chifukwa cha golide, ndipo palibe mtsinje waukulu pafupi. Madzi amene timamwa amachokera kudamu la Vaal, kumwera kwa mzindawu, ndipo ena mwa madzi a m'damulo amachokera kumapiri a dziko la Lesotho kudzera m'ngalande zapansi pa nthaka. Bungwe la Rand Water limawayeretsa kufupi ndi Vereeniging, kenako limawakankha chokwera mtunda ndi makina oyendera magetsi. Akafika mumzinda, a Johannesburg Water ndiwo amawagawa m'mathanki akuluakulu ndi m'mapaipi mpaka kudzafika pampopi wathu.

Ulendo wautali choncho ukhoza kuduka paliponse. Magetsi akazima pamalo opopera madzi, mathanki amaphwa. Paipi yaikulu ikaphulika, dera lonse limauma mpaka ataikonza. M'mwezi wa Marichi 2024 magetsi atavuta pamalo opopera madzi a Eikenhof, madera ambiri a Johannesburg anakhala opanda madzi masiku angapo, ena kupitirira sabata, nthawi yomwe kunja kunkatentha kwambiri. Nthawi zina amalengeza kuti atseka madzi pofuna kukonza makina, koma ngozi siyilengezedwa.

Vuto lina ndi mvula. Kuyambira Okutobala mpaka Marichi kuno kumagwa mvula yamabingu yomwe imadzaza mtsinje wa Jukskei m'kanthawi kochepa. Mu Novembala 2016 mtsinjewu unasefukira ndi kukokolola nyumba za anthu ku Setswetla, mbali ya Alexandra, pafupi ndi ife pompano. Madzi osefukira amatenga zonyansa za m'zimbudzi ndi kuzimwaza paliponse, moti munthu amazunguliridwa ndi madzi koma alibe oti amwe. Madzi a mu Jukskei sayenera kumwedwa, kuphikira kapena kutsukira mbale, ngakhale ataoneka oyera, chifukwa mumalowa zonyansa za m'masuweji.

Tisunge ochuluka bwanji?

Mabungwe othandiza anthu pa ngozi amatsatira muyeso wakuti munthu mmodzi amafunika malita osachepera 15 patsiku kuti amwe, aphike ndi kudzisamalira. Pa malita amenewa, pafupifupi atatu ndi akumwa ndi a m'zakudya, amene munthu sangakhale bwino popanda iwo.

Ndikudziwa kuti zipinda zathu ndi zazing'ono, ndiye tiyambire pa malita atatuwo. Banja la anthu asanu lifunika malita 15 patsiku, kutanthauza malita 45 pa masiku atatu. Zimenezi ndi zigubu ziwiri za malita 25. Ngati mulibe zigubu, mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi a malita awiri amagwira ntchito bwino. Mabotolo 23 akwana muyeso womwewo, ndipo amalowa pansi pa bedi. Simuyenera kuwapeza onse tsiku limodzi. Yambani ndi asanu, muziwonjezera sabata ndi sabata.

Ngati m'banja muli mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, khanda lomwe limamwa mkaka wa m'chitini, wodwala, kapena wina amene amamwa ma ARV kapena mankhwala a TB tsiku lililonse, onjezerani chigubu china. Madzi osamba, ochapira ndi othira kuchimbudzi asungidwe padera, m'ndowa kapena mumgolo wovundikira, kuti musamakhudze akumwa aja.

Chosungiramo chikhale chotani?

Chigubu chabwino ndi cha kukamwa kwakung'ono, chokhala ndi chitsekerero chomanga bwino. Ubwino wake ndi wakuti dzanja kapena kapu sizingalowemo. Madzi ambiri amachoka pampopi ali abwino, n'kudzaipira m'nyumba chifukwa cha kapu imene aliyense amaviika m'ndowa. Ngati muli ndi ndowa yokha, ikhale ndi chivundikiro, ndipo potunga muzigwiritsa ntchito kapu imodzi ya chogwirira chachitali imene sayimwera munthu.

Musasungire madzi m'chigubu chimene munali parafini, petulo, penti, mankhwala ophera tizilombo kapena mankhwala a m'fakitale. Kuno ku Marlboro kuli mafakitale ambiri ndipo zigubu zotayidwa sizisowa, koma pulasitiki imamwa mankhwala, ndipo ngakhale mutatsuka kangati poizoni satheratu. Ngati simukudziwa chomwe chinali m'chigubu, chisiyeni. Mabotolo a mkaka nawonso ndi ovuta kuyeretsa ndipo madzi amanunkhiramo msanga.

Chenjezo lina ndi la parafini. Parafini amaoneka ngati madzi, ndipo ana ambiri m'dziko muno amagonekedwa m'chipatala atamwa parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa. Tikayamba kusunga madzi m'mabotolo, parafini akhale m'chotengera chosiyana, cholembedwa, pamalo pomwe mwana sangafike.

Musanathire madzi, tsukani chigubu ndi sopo ndi kuchitsukuluza. Kenako sakanizani supuni imodzi yaing'ono ya Jik ndi lita imodzi ya madzi, thirani m'chigubumo, tsekani, khutchumulani kuti afike mbali zonse, dikirani pang'ono, ndipo tayani. Mukatero dzazani madzi a pampopi mpaka kukamwa, tsekani zolimba, ndi kulemba tsiku pachigubupo.

Ikani zigubu pamalo ozizira, posafika dzuwa, kutali ndi mbaula ndi chimbudzi. Ziikeni pathabwa kapena panjerwa kuti madzi a mvula akalowa m'nyumba asazifike. Madzi a m'botolo lotsekedwa bwino lomwe simukulitsegula atha kukhala miyezi isanu ndi umodzi, koma njira yosavuta ndi kuwazunguliza: gwiritsani ntchito chigubu chakale, chitsukeni, chidzazeni tsiku lomwelo ndi kuchiika kumbuyo kwa chinzake.

Makolo, ndowa kapena mgolo wa madzi usakhale wosavundikira pomwe pali mwana wokwawa kapena wongoyamba kuyenda. Mwana wotere akagweramo chamutu sangathe kudzitulutsa, ndipo samveka kulira.

Madzi okayikitsa tiwatani?

Madzi akasowa, timalandira a m'galimoto zonyamula madzi, ena timagula kwa anthu, ena timatchera a mvula padenga. Onsewa tiwayeretse tisanamwe, chifukwa sitidziwa m'mene adutsa. Ngati ali ndi matope, asiyeni adikhe, kenako asefeni ndi nsalu yoyera.

Njira yoyamba ndi kuwiritsa. Madzi abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kenako azizire ali ovundikira. Njira yachiwiri ndi Jik, yemwe amagwira ntchito ngati WaterGuard amene tinazolowera kwathu. Thirani supuni imodzi yaing'ono, ya tiyi, m'malita 20 mpaka 25 a madzi, sakanizani, tsekani, ndipo dikirani maola awiri. Mukathira madzulo n'kudzamwa m'mawa ndiye bwino koposa. Jik wake akhale wamba, wopanda fungo la maluwa kapena la mandimu, ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira. Kafungo pang'ono ka klorini sikoopsa. Koma dziwani kuti kuwiritsa ngakhalenso Jik sizichotsa mafuta kapena mankhwala a m'fakitale. Madzi onunkha zoterezi ndi otaya.

Mpopi ukauma, utsekeni, kuti madzi akabwera usiku asatayike. Akabwera, oyambirira amakhala ofiirira kapena otuwa. Atungireni m'ndowa ya kuchimbudzi mpaka ayere, kenako mudzaze zigubu zakumwa.

Chimene tikuopa ndi kolera

Ludzu limapweteka, koma chimene chimapha anthu ambiri madzi akasowa ndi matenda otsekula m'mimba. Ambiri a ife tili ndi abale amene anakhudzidwa ndi kolera yemwe anayamba ku Malawi mu Marichi 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700. Kuno nako, mu Meyi 2023, kolera anapha anthu oposa 20 ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria, m'chigawo chathu chomwe chino cha Gauteng. Pamsasa pomwe timakhala mothithikana ndi kugwiritsa ntchito zimbudzi zimodzi, matendawa akhoza kufala mofulumira kwambiri.

N'chifukwa chake ngakhale madzi achepe bwanji, osamba m'manja asasowe. Boolani kabowo pachitsekerero cha botolo, mulipachike pakhomo pamodzi ndi sopo. Madzi ochepa chabe amakwana kusamba m'manja pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, ndiponso musanagwire chakudya. Kusambira m'manja m'beseni limodzi tonse, monga timachitira pa nsima, tikusiye. Tizithirirana.

Wina akayamba kutsekula m'mimba, mpatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo. Ngati mulibe, zipatala za kuno zimaphunzitsa kusakaniza lita imodzi ya madzi owiritsa ndi masupuni aang'ono 8 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Azimwa pang'onopang'ono, pafupipafupi, ndipo mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Ngati chimbudzi chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, wodwala akusanza chilichonse, maso alowa m'kati kapena wafooka, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala akumwabe madziwo m'njira, kapena imbani 112 pafoni ya m'manja, nambala yomwe ndi yaulere. Tidziwitseninso ife a zaukhondo kuti titeteze ena.

Tiyambe sabata ino

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Galimoto ya madzi ikhoza kuchedwa, ndipo ikafika mzere umakhala wautali. Madzi amene mungawadalire ndi amene ali kale m'chigubu chanu. Lero mpopi ukutuluka, tsukani mabotolo amene muli nawo ndi kuwadzaza. Mukatha, yang'anani khomo loyandikana nalo. Ngati muli agogo, munthu wolumala kapena mayi yemwe ali yekha ndi ana aang'ono, chigubu cha malita 25 sangachinyamule, ndiye mutungireniko. Amene akusowa chosungiramo kapena sakumvetsa muyeso wa Jik andipeze ku ofesi ya pamsasa, kapena andiimitse ndikamadutsa, tidzayezere limodzi.