MPIRA WA NDODO NDI NJIRA YA KU KOLEJI



Talandira kalata yocokera kwa bambo wina wa m'boma la Chongwe, mlimi wa cimanga amene kale anagwirako nchito ya pansi pa mgodi. Akuti mwana wao wamwamuna wa zaka 15 wakondetsa masewera a hoki, ndiwo mpira womenya ndi ndodo yokhota, ndipo akupempha kuti amlole kukakhala kwa atsibweni ace ku Lusaka kuti azisewera masiku onse. Mnyamatayo anaona pa foni kuti ku Canada anyamata a msinkhu wace amacoka kwao nakasewera hoki, ndipo pambuyo pace amaphunzira ku koleji osalipira. Tsono bambowo afunsa kuti, "Kodi nzoona zimenezi, kapena mwanayu wangotopa ndi khasu?"

Nzoona, Bambo, ndipo mwana wanu sananame ai. Koma hoki imene anaona pa foni si imene amasewera iyeyo, ndipo koleji imene anamva siperekedwa ngati mphatso. Ndi pangano la nchito, ndipo inu amene munalembedwapo pa mgodi mudziwa kuti pangano limafuna kuwerenga mpaka pansi.

Hoki ya ku Canada amasewera pa madzi oundana. Dzikolo limazizira kotero kuti nyanja ndi mitsinje zimauma gwa ngati mwala kwa miyezi ingapo, ndipo m'matauni amamanga nyumba zazikuru m'mene makina amaumitsa madzi pa bwalo la mapazi 200 m'litali ndi mapazi 85 m'mimba mwace. Osewera amabvala nsapato zokhala ndi citsulo conga mpeni kunsi kwace, natsetsereka nazo mwaliwiro loposa la njinga. Mpira wao suli wobulungira, koma ndi kamphira kolimba kaphwatalala konga kacitini ka mankhwala opukutira nsapato. Mbali iri yonse imakhala ndi anthu 6 pabwalo pamodzi ndi wa pagolo, ndipo masewerawo ngotopetsa kotero kuti munthu amangosewera ngati mphindi imodzi, naturuka kuti mnzace alowe. Ku Chongwe zotere kulibe. Ngakhale m'mwezi wa June, pamene cisanu cimawaula masamba m'madimba, nkhawa yathu pa mtsinje wa Chongwe imakhala yakuti ungaphwe m'cirimwe, osati kuundana. Mu Africa muno masewerawa alipo ku South Africa, ndiponso ku Nairobi kuli kabwalo m'hotela ya Panari, kumene anyamata a ku Kenya analimbikira mpaka dziko lao linalandiridwa m'bungwe la hoki yotere la maiko onse m'caka ca 2024.

Tsono tione moyo wa anyamata amene mwana wanu akuwasirira. Bungwe lalikuru la hoki ya anyamata kumeneko ndi Canadian Hockey League, ndipo liri ndi matimu ngati 60. Osewera ace ambiri ndi a zaka 16 mpaka 20. Mnyamata sasankha yekha kumene adzasewera: matimu ndiwo amagawana anyamata pa tsiku loikika, ndipo timu imene yamchula ingakhale ya tauni ya kutali ndi kwao monga Chipata atalikirana ndi Chingola, kapena kupambana apo. Atafika kumeneko amamuika m'nyumba ya banja lacilendo, limene timu imalipatsa kandalama ka cakudya mwezi ndi mwezi. Mabanja ambiri otere amasunga anyamatawo ngati ana ao obala, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe; koma ngakhale asungidwe bwino cotani, mwana wa zaka 16 amene sanagonepo kutali ndi amace amapukwa ndithu. Ndiponso timu iri ndi mphamvu yomsinthanitsa ndi wosewera wa timu ina pakati pa caka, ndipo zikatero amamanga katundu, nasiya nyumba, sukulu ndi abwenzi tsiku limodzi.

Kucokera September mpaka March timu imasewera masewera oposa 60, ndipo theka la masewerawo ndi a kwa eni. Ulendo wace ngwa pa basi, kawirikawiri usiku, pa miseu ya cipale, ndipo mnyamata amene wafika kunyumba tambala atalira ayenera kukaoneka m'kalasi m'mawa womwewo. Ngozi nazo ziripo. Pa 6 April 2018 basi ya timu ya Humboldt Broncos, ya m'cigawo ca Saskatchewan, inagundana ndi lole pamphambano. Anthu 16 anafa ndipo 13 anabvulala. Timuyo inali ya m'bungwe laling'ono, la mtundu umene anyamata ofuna malo ku koleji ankakonda kuseweramo. Za mano oguluka ndi kugwedezeka kwa bongo pogundana sindicita kunena.

Inu a ku migodi, kodi simukuizindikira nkhaniyi? Mnyamata kucoka kumudzi ali wamng'ono, kukagona kwa anthu osawadziwa, kugwira nchito ya thupi imene ingampundule, ndi kuyembekeza kuti pa mapeto pace adzapata kanthu: ndiwo ulendo umene makolo athu anayenda popita ku Nkana, ku Wankie ndi ku Joni. Ndipo funso limene linabvuta pa migodi linabvutanso kumeneko, lakuti kodi thukuta la munthu mtengo wace ndi wotani. Anthu amalipira pakhomo kuti aone masewerawo, koma anyamatawo amangolandira kandalama ka m'thumba. M'caka ca 2014 ena amene anaseweramo anatengera bungwelo ku khoti, nati iwo anali anchito oyenera malipiro. Bungwelo linati iai, ndi ophunzira. M'caka ca 2020 linabvomera kupereka madola 30 miliyoni a ku Canada kuti mlanduwo uthe, koma pofika nthawi imeneyo zigawo zambiri za dzikolo zinali zitasintha kale malamulo kuti osewera otere asamawerengedwe ngati anchito.

Nanga koleji imalowa pati? Njira ziripo ziwiri. Yoyamba ndi ya bungwe lomwelo. Ku cigawo ca kumadzulo pangano lace limati pa caka ciri conse cimene mnyamata wasewera, adzamlipirira caka cimodzi ca koleji pamodzi ndi mabuku. Wasewera zaka zinai, waphunzira zaka zinai. Koma ayenera kuyamba maphunzirowo isanapite nthawi yoikika atasiya kusewera, apo ai mwai watha. Njira yaciwiri ndi ya makoleji a ku America, amene ali ndi matimu ao ndipo amalipirira maphunziro a wosewera waluso. Kwa zaka zambiri makoleji akuruakuru ankakana mnyamata ali yense amene anasewerapo mu Canadian Hockey League, namuyesa wolandira malipiro, kotero kuti mwana wa zaka 15 kapena 16 ankakakamizika kusankha njira imodzi ndi kutseka inayo asanamere ndi ndebvu zomwe. Lamulo loumitsa mtimalo analicotsa mu November 2024, ndipo kuyambira pa 1 August 2025 anyamatawo akhoza kulowa. Ine ndiyesa anacedwa nalo.

Cimene pa foni sacionetsa ndi ici: koleji imayamba yaona mapepala a sukulu. Mnyamata angakhale waliwiro ngati mphepo, koma ngati sanakhoze maphunziro ace a sekondale pa muyeso woikika, samlola kubvala malaya a timu. Ndipo cifukwa cimene makolo anzeru a kumeneko amaumirira za koleji ncakuti khomo la hoki ya malipiro akuru ndi lopapatiza. Bungwe la National Hockey League liri ndi matimu 32, ndipo pa caka limasankha anyamata ngati 224 okha kucokera m'maiko onse. Mwa osankhidwawo ambiri sakhazikika komweko. Otsalawo pa zaka 20 hoki ya unyamata yawathera, ndipo cimene cimawasiyanitsa ndi cakuti wina ali ndi pepala la sukulu, wina alibe. Kunena za mlendo wocokera kutsidya la nyanja, timu iri yonse imaloledwa awiri kapena atatu okha, ndipo amacokera ku maiko a cipale monga Sweden, Finland ndi Czechia, kumene ana amayamba kutsetsereka asanayambe sukulu. Njira imeneyo, Bambo, mwana wanu aiiwale.

Koma tisamnyoze mnyamatayo, cifukwa hoki imene amasewera iye, ya pa bwalo louma, yatengerapo ana a dziko lino kutali. M'caka ca 2010 ku Lusaka kunatsegulidwa Olympic Youth Development Centre, m'mbali mwa mseu wa Great North, ndipo pakati pa mabwalo ace pali la hoki la udzu wopanga. Ana a m'makomboni oyandikana nalo, amene ambiri sanagwirepo ndodo yotere, anayamba kupita kumeneko. Patangopita zaka zinai, mu 2014, Zambia inatumiza timu ya anyamata ndi ya atsikana ku masewera a Olympic a acinyamata ku Nanjing, m'dziko la China. Kumeneko amasewera hoki ya anthu asanu mbali iri yonse, pa bwalo laling'ono locingidwa ndi matabwa. Mu October 2018, ku Buenos Aires m'dziko la Argentina, anyamata athu anagonjetsa ndi kuturutsa Australia, imene inali itatenga mendulo ya golide kawiri kotsatizana. Pambuyo pace anagonja kwa Malaysia ndi kwa Argentina, natsiriza pa malo acinai. Ndipo mu January 2024 akazi athu anakasewera pa mpikisano wa dziko lonse wa hoki ya anthu asanu ku Muscat, m'dziko la Oman. Zimenezi si zazing'ono kwa dziko limene mpira wa miyendo umadya pafupifupi ndalama zonse ndi maso onse.

Tsono pano pali cinthu cimene cidzamdabwitsa mwana wanu. M'makoleji a ku America, hoki ya pa bwalo louma imene bungwe lao la masewera limayang'anira ndi ya akazi okha. Ndalama za maphunziro za masewera amenewa zimapita kwa atsikana. Ngati m'nyumba mwanu muli mlongo wace amene amagwira bwino ndodo ndiponso amakhoza m'kalasi, khomo limene mnyamatayo akulota lingatsegukire iyeyo. Sindinena kuti ncapafupi, pakuti amalimbirana ndi atsikana a ku Holland, ku Germany ndi ku England. Ndingonena kuti khomolo liripo, pamene la mlongo wace wamwamuna kulibe.

Mwana wa m'Zambia amene anayendadi njira ya masewera mpaka ku koleji ya ku America timdziwa tonse, ndipo ndi wa ku migodi. Samuel Matete anabadwira ku Chingola m'caka ca 1968. Luso lace linali kuthamanga mamita 400 nkumalumpha zopinga, ndipo linamfikitsa ku Auburn University m'cigawo ca Alabama. M'caka ca 1991 anapambana anthu onse a pa dziko lapansi ku Tokyo, ndipo caka comweco ku Zurich anathamanga mtundawo pa masekondi 47.10. Mu 1996 ku Atlanta anatengera Zambia mendulo ya siliva. Kuthamanga kuli ndi ubwino uwu, wakuti mboni yace ndi wochi: mphunzitsi wa kutsidya la nyanja angakhulupirire nambala ngakhale sanamuone munthuyo. Wosewera wa m'timu alibe mboni yotere, ayenera kuonedwa ndi maso. Mnyamata amene amathamanga bwino ndi ndodo m'manja angacite bwino kuyesedwanso pa wochi.

Tibwerere ku Chongwe. Kucokera pa boma kufika ku Lusaka ndi makilomita ngati 45 pa mseu wa Great East, ndipo bwalo la hoki liri kumpoto kwa mzinda, kotero kuti kupita ndi kubwera tsiku ndi tsiku sikungatheke kwa mwana wa sukulu. Nkhani yokakhala kwa atsibweni njomveka, ndipo ndi yomweyo ya anyamata a ku Canada ogona m'nyumba za eni. Kusiyana kwace nkwakuti kumene kuja pali pepala lonena za sukulu, pamene kuno pepala lotere muyenera kulipanga nokha. Ndikadakhala ine, ndisanamkweze basi ndikadayamba ndapita ndekha kukaona zinthu zitatu: ngati malo a sukulu ku Lusaka apezekadi ndipo dzina lace lalembedwa, ngati atsibweniwo ndi akazi ao abvomera ndi mtima wonse kapena ndi manyazi cabe, ndiponso amene adzalipira cipatala ndodo ikamphwanya cala. Za fizi musade nazo nkhawa kwambiri, popeza kuyambira mu January 2022 m'masukulu a boma salipiritsa mpaka kutsiriza sekondale. Koma yunifomu, nsapato zosewerera ndi ndalama za minibasi zidzacokera m'nkhokwe yanu yomweyo.

Ndipo mungapangane naye poyera, pamaso pa amace ndi atsibweni acewo, kuti pa kutha kwa teremu iri yonse azibwera ndi lipoti la sukulu, ndipo likatsika kawiri kotsatizana abwerere kumudzi. Makoleji a ku America amacita cimodzimodzi: wosewera amene maphunziro ace atsika amamkhazika pambali kufikira atakonza. Musaiwalenso kumkumbutsa kuti koleji siiri ku America kokha. M'boma lanu lomwelo muli Chalimbana, imene yaphunzitsa aphunzitsi kuyambira 1939 ndipo tsopano ndi yunivesite. Mnyamata wodziwa hoki amene angaturuke kumeneko ali mphunzitsi angaike ndodo m'manja mwa ana a sukulu yathunthu.

Ngati mutumiza yankho, Bambo, mutiuzenso za mlongo wace uja, ngati alipo, ndi kalasi imene wafika.